Galimoto ya Madala Siinafe

Mphunzitsi anatuluka pa geti ya galaja leveni koloko ya usiku itadutsa kale, ndipo pakanapanda mlonda mwina kukanamuchera komweko.

"Bwana, ndikufuna ndimasule agalu," anatero mlondayo, akugogoda ndi tochi pa galasi la galimoto. "Kapena mugona mommo?"

Anali atakhala yekha m'galimotomo maola atatu, manja ali pa chiwongolero ngati munthu amene ali pa ulendo, chonsecho galimotoyo inali duu pakati pa zinzake zakufa. Anatsika n'kutola zake zimene zinali m'katimo: ambulera, mapepala a inshuwalansi, ndi nsapato imodzi ya mwana wake wamkazi imene inasowa chaka chatha. Chitseko anachitseka mochinyamula pang'ono, popeza chinali ndi khalidwe lake, ukangochikankha chinkakana.

Tsikulo linali litamuvula pagulu. Iye anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu yolipira, ya ana a anthu opeza bwino, ndipo linali tsiku lopereka mphoto. Galimoto yake ana ankaitcha Agogo. Masiku onse ankaibisa kuseri kwa khitchini ya sukulu. Mwezi womwewo anali atayesa kuivalika kuti ionekeko: anagula nsalu za pamipando, utoto wa matayala, ndi chitsekerero chonyezimira cha thanki ya mafuta, chokhala ndi kiyi wakewake. Mwambo utangotha anafulumira kuti atuluke makolo asanayambe kutuluka. Agogo anayenda bwinobwino mpaka pa geti, anatsokomola kawiri, n'kuzima pakati penipeni pa njira.

Kumbuyo kwake kunandandalika magalimoto onyezimira. Mahutala anayamba. Ophika awiri ndi aphunzitsi anzake, ali m'mikanjo yawo ya mwambo, anachita kukankha, iye ali m'kati, thukuta likuyenderera m'khosi mwa suti. Mayi wina anatsitsa galasi la galimoto yake n'kufunsa mokoma mtima, "Aphunzitsi, imeneyi ndi yophunzitsira mbiri yakale?" Anthu anaseka, nayenso anaseka. Mwini sukulu sanaseke. Anangomuyandikira n'kunena chapansipansi kuti makolo amaona zonse.

Ku galaja kumene anaikokera, makaniko wake anali wa magalimoto amakono. Anaizungulira kufunafuna polumikiza kompyuta, sanapapeze. Anailiza, inalira pang'ono n'kuzima. Anailizanso mpaka batire linatha.

"Kachitatu mwezi uno, eti? Injini yatopa iyi, bwana. Tikhoza kuikamo ina, koma kukhala kuveka nkhalamba nsapato zothamangira. Itayeni, mupeze ina."

Ndipo makanikoyo anaimbira mnzake wina wogula magalimoto akufa n'kumawaphwasula. Mkuluyo anafika kutada, anamenya tayala ndi phazi, nati akufunapo zitseko, nyale ndi giyabokosi, zotsalazo zipita kwa osula mapoto. Anati abwera naini koloko m'mawa ndi lole. Mphunzitsi anavomera, anagwirana chanza. Kenako onse atapita, analowa m'galimoto muja n'kukhala.

Tsopano anali panja pa geti, thumba la pulasitiki lili m'manja, minibasi zitasiya kale kuyenda. Foni inali m'thumba, yamoto bwinobwino. Koma akanaimbira mkazi wake, mkaziyo akanatuma mchimwene wake kuti adzamutenge, ndipo alamu akewo akanayamba nyimbo yawo ija ya tsabola wakale sawawa kuchokera pa galaja mpaka pakhomo. Manyazi anapha lambe. Analemba uthenga wakuti ali m'njira, n'kuuyamba wapansi.

Njira zinali ziwiri. Ya tala inkazungulira tauni yonse, maola awiri. Yachidule inkatsika kuseri kwa mafakitale, kuwoloka kamlatho, kutsata mpanda wa manda, n'kudutsa m'dera limene iye anakulira. Imeneyi anali asanaipondemo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chifukwa chake sichinali manda ayi. Inkadutsa pakhomo pa Madala.

Madala anali makaniko, mnzawo wa malemu bambo ake. Bambowo atamwalira, iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Madala anamutenga n'kumugoneka pamodzi ndi ana awo. Sukulu yake yonse inatuluka m'sipanala. Ankamutcha Aphunzitsi kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ankati akamutuma kugwira injini ankaigwira ndi nsonga za zala ngati akutola choko. Atayamba ntchito n'kukwatira, Madala anamuitanira kuseri kwa shedi yawo n'kuvundukula lona. Pansi pake panali galimoto imene anakhala akuidzutsa madzulo alionse kwa zaka ziwiri, chitsulo chimodzichimodzi.

"Mphunzitsi woyenda pansi ana samumvera," anatero, n'kumuponyera kiyi.

Ndiye panafika tsiku lina, iye atangoyamba kumene pa sukulu ya anthu olemera ija. Anali ataimirira pabwalo ndi mwini sukulu komanso makolo ena, pamene Madala anatulukira pa geti atavala ovolosi yawo yakuda ndi oyilo, chinthu chokulunga m'nyuzipepala chili m'khwapa, akukweza dzanja ndi kumwetulira. Mwini sukulu anafunsa kuti ameneyo ndani. Iye anayankha kuti, "Ndi makaniko wanga chabe, adikire pa getipo." Mawuwo sanatuluke motsitsa monga ankafunira. Dzanja la Madala linatsika pang'onopang'ono. Pamene iye ankapita pa geti patatha ola, anapeza phukusi lokha kwa mlonda. Munali lamba wa injini. Madala anali atamva galimotoyo ikulira mwachilendo podutsa mumsewu, n'kudziwa kuti lamba wake watsala pang'ono kuduka.

Poyamba anati apita kukapepesa Loweruka. Loweruka linadutsa. Kenako anasamukira mbali ina ya tauni, anasintha nambala ya foni, ndipo chaka chilichonse chimene chinkadutsa chinkawonjeza kulemera kwa mwendo. Poyamba ankachita manyazi ndi Madala. Pambuyo pake ankachita manyazi ndi iye mwini, ndipo manyazi achiwiriwa ndi amene anali oopsa.

Koma usiku ngati uno, anaganiza, onse adzakhala atagona. Angodutsa.

Nyale za mumsewu zinathera pa fakitale yomaliza. Kuchokera pamenepo unali msewu wafumbi, mwezi wokha ukuwala mwaulesi kuseri kwa mitambo. Nsapato zake za ku mwambo zinkamuluma zala. Kutsidya agalu ankauwa mopokezana, ndipo m'udzu nkhululu zinkalira.

Atayandikira kamlatho, agalu aja anasiya.

Sanasiye mmodzimmodzi. Anasiya onse pamodzi, ngati wina watseka wailesi. Nkhululu nazonso zii. Anamva mtima wake wokha, ndi thumba la pulasitiki likukhwekhwereza pa bondo.

Kenako anamva kena.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Zitsulo zing'onozing'ono zikugundana. Anaima. Nazonso zinaima. Mphepo yozizira inakwera kuchokera pansi pa mlatho, ndipo inabwera ndi fungo limene silinali la madzi. Linali fungo la oyilo wakale.

Pa chitsulo cha m'mbali mwa mlatho panakhala munthu.

Mphunzitsi anaganiza za achifwamba. Anaganiza zobwerera. Koma anagwiritsa ambulera n'kupita patsogolo, maso pansi, ngati sanaone kanthu. Anamudutsa munthuyo. Phazi limodzi. Lachiwiri. Lachitatu.

Ngwe... ngwe...

Munthu uja anali pambali pake, akuyenda naye.

"Waisiya kuti, Aphunzitsi?"

Pa dziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene ankamutcha Aphunzitsi n'kumamunena kuti iwe. Anayang'ana cham'mbali. Ovolosi yakuda. Chipewa chopindika kutsogolo. Masipanala akusuzumira m'thumba la pachifuwa. Nkhope inali mumthunzi wa chipewacho, yoyang'ana kutsogolo.

Mantha anatsika pang'ono, koma chimene chinakwera m'malo mwake chinali chowawa kuposa mantha. Nkhope yake inatentha mumdima momwemo.

"Madala... ndinu? Usiku uno?"

"Galimoto. Waisiya kuti?"

"Ku galaja, kumtundaku. Yafa, Madala. Akuti injini yatha. Ndaipereka kwa ophwasula. Aitenga mawa."

Mpanda wa manda unayamba kudzanja lamanzere, wautali, woyera mwa apo ndi apo. Mphunzitsi anali ndi mawu amene anawakonza zaka zisanu ndi chimodzi. Anawayeseza posamba, poyendetsa galimoto, ngakhale m'tchalitchi. Tsopano onse anamuthawa.

"Siinafe," anatero Madala.

"Makaniko wanena kuti..."

"Ikubanika. Waitseka pakamwa."

"Sindikumva, Madala."

"Ndimaimva ikamadutsa kumtundaku. Kuno kumakhala chete, zonse zimamveka. Ikufuna mpweya." Mawuwo ankatuluka mosakwera, mosatsika. "Kubanika ndikukudziwa ine."

Anayesa kuseka, sizinatheke.

"Amayi ali bwanji? Ndi achemwali?"

Madala anangopitiriza kuyenda.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Ndi pamene anazindikira. Nsapato zake zinkati khwa, khwa pa miyala. Za Madala sizinkamveka. Masipanala okha. Anamvetsera bwinobwino. Mapazi a munthu mmodzi.

Mwezi unatuluka m'mitambo. Anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chake chinagwera kutsogolo, chachitali, chitanyamula thumba ndi ambulera. Pambali pake fumbi linali loyera.

Ndi mitambo, anadziuza. Ndi kutopa. Sanadye chiyambire m'mawa.

Anafika pamene mpanda wa manda unagumuka n'kusiya mpata wolowa munthu mmodzi. Madala anaima.

"Ine ndatsala pano."

"Pano? Kunyumba si kutsogoloku?"

"Ndinasamuka."

Mphunzitsi anaika thumba pansi. Ngati sanena tsopano, sadzanenanso. Anagwira chipewa chimene analibe, anapinda mawondo pang'ono ngati mwana, maso ali pa nsapato zake.

"Madala, tsiku lija... pa geti paja... ine ndinalakwa. Inu ndinu bambo anga. Ndinayenera kunena choncho."

Anadikira. Mphepo inadutsa. Anadzutsa mutu.

Panalibe munthu.

Mpata wa mpanda unali pomwepo, wakuda bii. Fungo la oyilo linali likutha. Kutsidya galu mmodzi anauwa, kenako onse.

Anathamanga! Ambulera inatsala pomwepo. Anadutsa pakhomo pa Madala osacheuka, anangoona kuti pali mdima. Anathamanga mpaka pamene nyale za mumsewu zinayambiranso, n'kugwira mtengo wa magetsi, akupuma ngati galu. Pofika kunyumba anali atapeza kale nkhani yodziuza. Nkhalamba zimayenda usiku. Mwina Madala anapeza ntchito yaulonda chapafupi. Mwina anadutsa njira yachidule ya m'manda chifukwa sanafune kumva kupepesa kwake, ndipo ndani akanawadzudzula?

Mkazi wake anamutsegulira, anayang'ana fumbi la m'suti, sanafunse zambiri. Iye anagona chagada mpaka kunja kunayera, mawu awiri akuzungulira m'mutu. Waitseka pakamwa. Galimoto ili ndi pakamwa pati? Imadyera pati?

Anadzuka ngati walumidwa.

Seveni koloko inamupeza pa geti ya galaja, makaniko asanavale n'komwe ovolosi. Anapita kumbuyo kwa galimoto, analowetsa kakiyi m'chitsekerero chonyezimira chija n'kupotokola. Chinalimba, kenako chinalola. Thanki inakoka mpweya, psiii, nthawi yaitali, ngati munthu amene wavuuka m'madzi, ndipo chitsulo chake chinati phu pobwerera m'malo mwake.

Makaniko anayandikira, akukanda mutu.

M'buti, pansi pa tayala lapadera, munali chitsekerero chakale chadzimbiri chimene mphunzitsi anachiponyamo. Anachikweza kudzuwa. Pakati pake panali kabowo kakang'ono ngati diso la singano, koboola ndi dzanja. Chatsopanocho chinalibe. Mafuta akamachoka m'thanki mpweya sunkalowa, ndiye injini inkayamwa mpaka kulephera.

"Ndibwerekeni batire," anatero.

Agogo analira ulendo wachiwiri. Analira mokhazikika, mphindi khumi, makumi awiri, osatsokomola. Makaniko anati zimenezi kusukulu kwawo sanaphunzitsidwe. Wophwasula uja atafika ndi lole yake anakwiya, nati anthu ophunzira ndi amene sasunga mawu. Mphunzitsi anamupepesa kawiri, koma kiyi sanapereke.

Sanapite kusukulu. Anaima pa golosale n'kugula shuga, sopo ndi masamba a tiyi, zinthu zimene munthu amanyamula akasowa chonena. Kenako anatsika ndi msewu wafumbi uja. Masana kamlatho kanali kamlatho chabe. Podutsa pa mpanda wa manda sanayang'ane kumbali.

Anaimika galimoto pakhomo pa Madala, injini ikulira, kuti nkhalambayo imve yokha ntchito ya mawu ake.

Koma pakhomopo panali posintha. Denga la shedi linali litagwera m'kati. Dzenje limene Madala ankalowamo pokonza magalimoto linali lodzaza zinyalala, ndipo mtengo wa papaya unamera pakati pake, wautali kuposa munthu, uli ndi zipatso. Pakhonde panali makina osokera, ndipo kumbuyo kwake kunakhala mwana wamkazi wa Madala, amene iye anakula naye ngati mlongo wake. Anali atanenepa, imvi zitayamba. Anasiya kupalasa makinawo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero. Sanaimirire.

"Achemwali." Anaima pansi pa khonde, katundu ali m'manja. "Ndabwera kwa Madala. Ndikudziwa kuti ndachedwa zaka zambiri. Koma dzulo usiku anandithandiza, ndiye ndati ndisagonenso ndi mawu. Adzuka?"

"Dzulo usiku?"

"Tinakumana pa mlatho. Tinayenda limodzi mpaka pa manda."

Mlongo wakeyo anachotsa phazi pa makina. Anapinda nsalu imene ankasoka, mosamala, kanayi, n'kuiika pambali.

"Achimwene, bambo tinawaika zaka zinayi zapitazo. M'manda omwewo. Mukalowera pogumuka paja, mzere wachiwiri."

Paketi ya shuga inamupulumuka n'kugwera pa sitepe. Siinaphulike. Anaiyang'ana ngati sakudziwa kuti n'chiyani.

"Chinali chifuwa. Mpweya unkawathera. Usiku womalizawo tinasowa galimoto yopita nawo kuchipatala. Tinagogoda nyumba zinayi. Nambala yanu inali yosapezeka, ndiye ndinati ndithamange kusukulu kwanu, mlonda akandilozere kumene mukukhala. Bambo anandigwira dzanja. Anati, kumeneko usapiteko ndi zovala zimenezo, umuchititsa manyazi mwana." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha. "Tinawakweza pa wilibala mpaka pa mlatho. Anathera pomwepo."

Mphunzitsi anafuna kukhala pansi, koma sanaone malo amene anali oyenera iye. Kumbuyo kwake galimoto inkalirabe, mosalala, mokhulupirika, ndipo iye analakalaka dzenje la m'shedi lija likanakhala lopanda zinyalala kuti alowemo.

M'nyumba munamveka kukhwekhwereza kwa ndodo. Mawu a mayi wokalamba anatuluka kuseri kwa katani ya pakhomo.

"Iwe, imene ikulirayo si galimoto ya bambo ako?"

"Ndi yomweyo, amayi."

Ndodo inagunda pansi kawiri, ikufunafuna chitseko.

"Ndiye mwanayo waima panja chifukwa chiyani, ngati mlendo? Muuze alowe. Ndipo umufunse ngati wadya."